Msonkhano wa m'Shedi ya a Che Abdala

Fomu ija inatha milungu isanu mu ofesi ya mkulu wa dipatimenti, ndipo itabwerera pa tebulo la Sumayyah Wahab inali ndi mawu amodzi ozunguliridwa ndi cholembera chofiira. Mawuwo anali akuti chipembedzo. M'mbali mwake munalembedwa kuti aonane.

Sumayyah anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri akuphunzitsa za kayendetsedwe ka makampani pa koleji ina ya m'tauni ya Blantyre. Fomuyo inali yopempha kuti koleji ivomereze gulu limene iye ndi anzake awiri ankafuna kuyambitsa, Gulu la Ofufuza za Chipembedzo ndi Uzimu pa Kayendetsedwe ka Ntchito. Sankapempha zambiri, koma chipinda chokumanamo kamodzi pa mwezi ndi chilolezo cholemba dzina la gululo pansi pa mayina awo akamatumiza zolemba zawo kunja.

Mkulu wa dipatimentiyo, Pulofesa Kenny Chisambiro, sanali munthu wankhanza. Anamulandira bwino, anamufunsa za amayi ake, kenako anamufotokozera mofatsa kuti phunziro lawo ndi la manambala ndi ndondomeko, ndipo anthu a kunja amene amabwera kudzayendera koleji akaona dzina lotere adzaganiza kuti dipatimenti yasanduka sukulu ya ubusa. Anati iwo akhoza kusaina lero lomwe ngati dzinalo litasinthidwa n'kukhala gulu lofufuza za umoyo wabwino wa pantchito. Zomwe akufuna kufufuzazo akhoza kumazichita mkatimo mwakachetechete.

"Inenso ndine mkulu wa mpingo, a Dokotala," anatero Pulofesa. "Koma Mulungu wanga ndimamusiya pa geti ndikamalowa muno."

"Antchito omwe timalemba za iwowa samusiya pa geti, a Pulofesa. Amalowa naye mpaka pa makina."

Pulofesa anaseka pang'ono n'kumukankhira fomuyo. Sumayyah anaitenga osasintha chilembo n'chimodzi chomwe.

Gululi linayamba ngati madandaulo a pa tebulo la tiyi. A Vitalis Namaona, Mkatolika wa imvi zogwera kutsogolo, anagwira ntchito yoyang'anira antchito pa fakitale ina ya ku Makata zaka khumi ndi zisanu asanayambe kuphunzitsa. Iwo analemba za chifukwa chomwe anthu amasiyira makina kukakhala maliro a mnzawo ngakhale atawopsezedwa kuti achotsedwa ntchito. Akonzi a magazini ina ya akatswiri ya kunja anawayankha kuti pepalalo ndi labwino, koma achotse masamba onse onena za mizimu ya akufa ndi mantha a munthu kuti naye adzasowa womuika, ndipo nkhani yonseyo aitchule kuti kujomba. Mildred Kathumba, wa CCAP wa ku Kanjedza, ankachita maphunziro a udokotala, ndipo womuyang'anira anamuuza kuti mapemphero a m'mawa a m'maofesi a mu Victoria Avenue si nkhani yoti munthu angatengere digiri. Sumayyah naye anali atatha zaka ziwiri akucheza ndi madalaivala a mathiraki a makampani asanu, ndipo chilichonse chomwe ankawafunsa, kaya za kuba mafuta, kaya za kusiya ntchito, yankho linkakafika kwa Mulungu.

Atatuwa atayamba kufunsafunsa anapeza kuti si iwo okha. Kunali mphunzitsi wina ku Zomba, awiri ku Lilongwe, mayi wina wa ku banki amene anasiyira panjira maphunziro ake pa chifukwa chomwechi. Aliyense ankaganiza kuti ndi iye yekha wosokonekera mutu. N'chifukwa chake fomu itakanidwa anagwirizana kuti msonkhano woyamba uchitikebe, Loweruka lomaliza la mwezi wa Meyi. A Vitalis anasungitsa chipinda m'dzina lawo ngati mphunzitsi wamba, ndipo anthu makumi anayi anavomera kubwera.

Lachitatu la mlungu womwewo kalata inabwera kuchokera ku ofesi ya Pulofesa yonena kuti chipindacho chipakidwa penti Loweruka. Mildred anapita kukachiona. Makoma ake anali oyera ngati mano a mwana, chifukwa chinapakidwa mu Januwale.

Sumayyah sanapitenso ku ofesi ya Pulofesa. Atamaliza kalasi ya masana anakwera minibasi ya ku Limbe, n'kukatsika ku Mpingwe, kwa amalume ake.

A Che Abdala ndi amene analera Sumayyah bambo ake atamwalira. Anayamba ngati dalaivala wa amwenye ku Limbe, ndipo tsopano anali ndi mathiraki khumi ndi anayi ndi shedi yaikulu yosungiramo katundu ku Makata. Pa ana onse a m'banjamo, Sumayyah yekha ndi amene ankamutchula pagulu ndi udindo wake, "adokotala athu", ngakhale ankadandaula kuti ndi dokotala wosabaya jakisoni. Sumayyah anawapeza atakhala pakhonde akudikira nthawi ya swala, pemphero la madzulo. Atamva za pentiyo anakwiya ngati kuti awanyoza iwo. Anati shedi ilipo, matumba a feteleza asunthidwira mbali imodzi, mabenchi akabwereka ku madrasa, ndipo tiyi ndi samusa zikhala za iwo. Anthu ophunzira amve kuti Msilamu amayendetsa bwanji bizinesi.

Apa ndi pomwe Sumayyah anayamba kusowa pogwira. Kampani ya amalume ake inali imodzi mwa zisanu zija. Iwo anamulola okha kucheza ndi madalaivala awo, koma pepalalo anali asanaliwerenge, chifukwa linali la m'Chingerezi komanso ankati maso awo salimbananso ndi zilembo zing'onozing'ono.

"Amalume, m'pepala langa muli zinthu zomwe sizikusangalatsani," anatero. "Dzina la kampani sinditchula, koma inu mudzizindikira. Ndikuwerengereni kaye panopa."

A Che Abdala anakupiza dzanja. Anati iwo sanabepo za munthu, sanadyepo katapila, ndiye angaope chiyani pa pepala la mwana yemwe anamunyamula pamsana. Adzamvera limodzi ndi anzawo Loweruka. Sumayyah anayesa kachiwiri, koma adhana yoitanira anthu ku mapemphero inamveka ku mzikiti ndipo iwo anayamba kufunafuna nsapato.

Mawa lake anawauza a Vitalis zonse ali m'galimoto mwawo, pa mdipiti wa magalimoto wa pa Chichiri. Atadutsa pa Ginnery Corner, a Vitalis anati nzeru ndi kusiya masamba awiri omaliza, omwe anali ndi zopweteka za kampani ya amalumewo. Munthu wakubwereka nyumba sumuvulira m'nyumba mwake momwemo. Masambawo akhoza kudzatuluka m'magazini, kumene a Che Abdala sadzawaona. Anakumbutsanso Sumayyah kuti gulu lawo lilibe kwina kopita, ndipo mwana wongobadwa kumene samuyambitsa ndi tsabola.

Sumayyah anaona kuti akunena zanzeru, ndipo n'zimene zinamukwiyitsa. Anawafunsa kuti akachotsa masambawo asiyana bwanji ndi akonzi aja amene anawauza iwo kuti maliro awatchule kujomba. Pulofesa akuti atatu onsewa ndi alaliki obisala m'mikanjo ya maphunziro. Akangowerenga zokoma zokhazokha za chipembedzo, ndiye kuti Pulofesa wanena zoona, ndipo pentiyo anachita bwino kuipaka. A Vitalis anangoti amalumewo ndi ake, iwo ayima naye kulikonse komwe ayime, koma anyamula makiyi a galimoto m'manja.

Loweruka kunacha ndi kamphepo ka chiperoni. Shedi inali itasesedwa n'kuwazidwa madzi, koma fungo la feteleza ndi dizilo silinachoke. Mabenchi anayalidwa pakati pa milu iwiri ya matumba, ndipo kumbuyo kunali thiraki imodzi yopanda matayala akutsogolo, itakhazikidwa pa zitsa. Anabwera anthu makumi atatu ndi mmodzi: aphunzitsi, ophunzira, mayi wa ku banki uja, oyang'anira antchito a m'mafakitale oyandikana. Madalaivala asanu ndi mmodzi a a Che Abdala anakhala pa benchi yomaliza atavala zoyera, chifukwa abwana awo anawauza kuti abwere. Mwini shedi anakhala kutsogolo pa mpando wapulasitiki, atavala kanzu yatsopano, mkanjo wautali wa Chisilamu.

Mkangano woyamba unabuka msonkhano usanayambe n'komwe. Bambo wina wa ku fakitale ya sopo anaimirira kuti atsegule ndi pemphero, ndipo dalaivala wina kumbuyo anati m'nyumba ya Msilamu dua ndiyo iyenera kuyamba. Mphunzitsi wa ku Zomba uja ananena motsitsa mawu kuti iye sapemphera kulikonse, wangobwera chifukwa nkhaniyi amaifufuza. Anthu anamutembenukira ngati wanena kuti amadya agalu. Sumayyah anaimirira n'kunena kuti muno si mu tchalitchi, si mu mzikiti, komanso si malo oseka opemphera. Aliyense akhale chete mphindi imodzi, wopemphera apemphere mumtima monga amachitira kwawo, wosapemphera adikire anzake. Ena anang'ung'udza, koma anakhala chete, ndipo m'mphindi imeneyo munkangomveka njiwa pa malata.

A Vitalis anayamba ndi nkhani ya maliro, ulendo uno osachotsapo tsamba lililonse, ndipo madalaivala ankagwedeza mitu. Kenako Mildred anafotokoza za maofesi anayi kumene tsiku limayamba ndi nyimbo ndi pemphero. Anati ambiri amene anacheza nawo amati mapempherowo amawalimbitsa mtima ndipo amachepetsa miseche. Koma pa ofesi ina, munthu akadandaula za kugwira ntchito mpaka Lamlungu, abwana amamutchula m'pemphero la mawa lake, kupempha Ambuye kuti achotse mzimu wa kuwukira pakati pawo. Mayi wa ku banki anaphimba nkhope ndi manja akuseka. Bambo wa ku fakitale ya sopo sanaseke. A Che Abdala anaseka kuposa onse, mpaka kumenya ntchafu.

Sumayyah anali womaliza. Analankhula m'Chichewa kuti a pa benchi yomaliza amve bwino. Anafotokoza za makampani asanu, kenako anafika pa ya chitatu, imene anangoitcha kuti kampani ya chitatu. Kumeneko, anati, thiraki ikhoza kuima kulikonse Lachisanu masana kuti dalaivala akaswali, ndipo palibe amene amamufunsa za nthawi. Mafuta sasowa. Madalaivala amakhalapo zaka khumi, pomwe kwina amasintha ngati malaya. Atawafunsa chifukwa, sanatchule malipiro. Anati mwini wake, mwana wa dalaivala akamwalira, amabwera yekha kudzanyamula nawo jeneza yonyamulira maliro, ndipo munthu wotero sungamubere chifukwa ukakayankha kwa Mulungu.

A Che Abdala ankayang'ana pansi monga achitira munthu akamayamikiridwa, chala chikuyenda pa ndevu.

Sumayyah anatembenuza tsamba. Anaona a Vitalis akulowetsa dzanja m'thumba momwe munali makiyi aja. Anapitiriza ndi mawu omwewo, osakweza, osatsitsa. Anati pa kampani yomweyo panali dalaivala amene anagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi popanda ngozi, kenako analowa mpingo wa Sabata. Anapempha kuti asamayende Loweruka, ndipo anadzipereka kuti aziyenda Lachisanu lililonse m'malo mwa anzake. Anauzidwa kuti asankhe pakati pa Sabata ndi chiwongolero, ndipo anachoka. Anati madalaivala anayi Achikhristu a pa kampaniyo, aliyense payekha, anamuuza kuti maulendo abwino a ku Beira ndi ku Nacala amagwera amene amaswali mzere umodzi ndi abwana. Mwina mwini wake sachitira dala, anatero, koma chikhulupiriro chomwe chamanga kampaniyo ndi chomwecho chimene chamangira ena mpanda.

A Che Abdala anaimirira pang'onopang'ono atagwira msana wa mpando.

"Ukunena za Ulemu," anatero.

"Sinditchula dzina la munthu, amalume."

"Ine ndalitchula. Ndakupatsa nyumba yanga, ndakuyalira mabenchi, kuti undivule pamaso pa antchito anga?"

"Ndinakupemphani Lachitatu kuti ndikuwerengereni. Zokoma zija ndi zoona, ndipo mwazilandira. Izinso ndazimva kwa anthu omwewo. Sindingatenge theka n'kutaya theka."

A Che Abdala sanakalipe. Anangotembenukira kwa mlonda amene anaima pa chitseko n'kumuuza kuti alendo amaliza, atsegule geti. Kenako analowa mu kaofesi kawo ka pakona n'kutseka chitseko. Samusa zinatsala m'mabeseni zitavindikiridwa ndi nsalu.

Anthu anatuluka mwamanyazi, ena osayang'anana. Okwana khumi anapita molunjika ku magalimoto awo kapena ku siteji, ndipo bambo wa ku fakitale ya sopo podutsa anauza Mildred kuti ana a masiku ano sukulu yawachotsa ulemu. Otsalawo anaima m'mphepete mwa msewu, kunja kwa mpanda, mathiraki a makampani ena akuwathira fumbi. Sumayyah anatsamira galimoto ya a Vitalis. Wina anafunsa ngati msonkhano watha. Iye anati sunathe, chatsala ndi chomwe anabwerera, kugwirizana kuti gululi ndi la ndani ndipo likhala lotani.

Anakambirana ali chiimire pafupifupi ola lathunthu, Mildred akulemba pa boneti. Mphunzitsi wina wa ku Lilongwe anati mwina Pulofesa anali ndi mfundo, dzina lofewa likanawapatsa chipinda ndi mipando. Mayi wa ku banki anamuyankha kuti iye anasiya sukulu chifukwa cha mayina ofewa omwewo. Anavota pokweza manja, ndipo dzina linatsala momwe linalili. Anagwirizananso kuti m'gululi munthu sadzafunsidwa kumene amapemphera, ndi kuti aliyense wolemba za chipembedzo chake adzayenera kunena ndi zopweteka zomwe, apo ayi akalembe za ena.

Akulemba mayina, geti laling'ono linatseguka ndipo panatuluka a Nizam, dalaivala wamkulu pa onse a a Che Abdala, bambo wa tsitsi loyera amene anayamba nawo ndi thiraki yoyamba. Anthu anaganiza kuti atumidwa kudzawathamangitsa pa mpandapo. Iwo anafika kwa Sumayyah n'kufunsa ngati munthu wolekeza Sitandade 8 angalembetse. Mphunzitsi wa ku Lilongwe anayamba kufotokoza kuti gululi ndi la ofufuza, mwina angawaike ngati alendo olemekezeka. Sumayyah anatenga cholembera m'manja mwa Mildred n'kuwapatsa a Nizam, ndipo anati theka la pepala lake linachokera m'kamwa mwawo, ndiye ngati iwo ali mlendo, iyenso ndi mlendo.

A Nizam analemba dzina lawo mosamala, kenako anati ali ndi mawu.

"Zomwe mwanenazo ndi zoona, mayi, za Beira ndi zoona. Koma simunanene zonse. Ulemu atachoka, abwana anapita okha ku Bangwe kawiri kukamupempha kuti abwerere aziyenda Loweruka limodzi lokha pa mwezi. Iye anakana. Ndipo ife Asilamu ndi amene tinawauza abwana kuti akamulola, tonse tifuna masiku athu. Mlanduwo si wa munthu mmodzi."

Sumayyah anali atacheza ndi Ulemu katatu, ndi a Nizam kawiri, ndipo palibe anamuuza zimenezi, komanso iye sanafunse. Anavomera pamaso pa onse kuti apa anaperewera, n'kupempha a Nizam kuti adzakhale naye pansi mlungu wamawa. Mayina onse pamodzi anakwana makumi awiri ndi awiri.

Lolemba m'mawa Sumayyah anapeza kalata ya Pulofesa yomufunsa kuti afotokoze chifukwa chomwe anachititsira msonkhano m'dzina la koleji popanda chilolezo. Anayankha ndi mizere inayi, kuti dzina la koleji silinatchulidwe paliponse, kuti Loweruka ndi tsiku lake, ndi kuti ngati a Pulofesa akufuna kudziwa zomwe zinanenedwa, mapepala onse atatu wawaika pamodzi ndi yankholi. Patapita masiku awiri anakumana nawo pa masitepe. Pulofesa anangoti pepala la Mildred lili ndi zolakwika ziwiri pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, ndipo fomu ija sasaina. Kalasi ya chaka chomaliza imene Sumayyah ankaikonda inapatsidwa kwa wina teremu yotsatira, popanda chifukwa cholembedwa.

Zovuta kwambiri zinali kwawo. Amayi ake, a Mwanakombo, anamuimbira akulira, kuti mlongo wawo sakudya bwino ndipo ku mzikiti anthu ayamba kunong'onezana. Anamupempha kuti apite akagwade. Sumayyah anati apita, ndipo apepesa chifukwa chowachititsa manyazi pamaso pa antchito, koma sapepesa chifukwa cha zomwe ananena. Amayi ake anati kupepesa kwa theka kuli bwino kungokhala. Pa Idi ya nsembe chaka chimenecho, nyama ya ku Mpingwe inafika kwa abale onse kupatula kwa iye.

Sumayyah anabwereranso kwa Ulemu ku Bangwe, kumene tsopano ankayendetsa minibasi ya mlamu wake. Iye anavomera kuti abwana anabweradi kawiri, ndipo anati sanazitchule chifukwa ankaopa kuti akazinena nkhani yake ichepa mphamvu. Sumayyah anachezanso ndi madalaivala ena atatu. Masamba awiri aja anasanduka asanu, ndipo mlandu unagawanika pakati pa anthu ambiri, koma sunafufutike. Msonkhano wachiwiri unachitikira pa bwalo la makolo a Mildred ku Kanjedza, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo wachitatu unakonzedwa kuti udzakhale komweko mu Seputembala.

Kutatsala milungu iwiri, Sumayyah anamasulira pepala lonse m'Chichewa, analisindikiza ndi zilembo zikuluzikulu, n'kukwera minibasi ya ku Mpingwe. Amalume ake anali pakhonde pomwe paja. Anayankha salamu chifukwa salamu sakana, koma sanamuuze kuti akhale. Iye anagwada pa simenti, napepesa monga anauzira amayi ake, osawonjezera, osachotsera. Kenako anaika pepalalo pa kampando n'kunena kuti lasintha, chifukwa panali zina zomwe sanazidziwe, ndipo asanalitumize kulikonse akufuna iwo aliwerenge. Ngati muli bodza, amuonetse.

A Che Abdala anatenga magalasi n'kuyamba kuwerenga, iye ali chigwadire. Anawerenga mpaka tsamba lomaliza. Pena ankabwerera m'mbuyo, pena ankatulutsa mpweya m'mphuno. Atamaliza anati za Bangwe walemba bwino, koma za Beira akulakwitsabe, chifukwa sakudziwa kuti pa malire paja pamafunika munthu wodziwa Chipwitikizi ndi Chiyao, ndipo Akhristu ake anayi aja palibe amene amayankhula ngakhale chimodzi. Sumayyah anati awiri mwa iwo anakulira ku Mulanje m'malire ndipo Chipwitikizi amachimva. Amalume ake anati kumva si kuyankhula.

"Gulu lako lija likumana liti?" anafunsa.

"Pa 28, ku Kanjedza."

"Ndibwera kudzakutsutsa pamaso pa anzako omwewo."

"Mudzapatsidwa mphindi makumi awiri, amalume, ngati wina aliyense. Mukatha anthu adzakufunsani mafunso."

Iwo anati mphindi makumi awiri n'zochepa kwa munthu amene wayendetsa mathiraki zaka makumi anayi. Sumayyah anati lamulolo anagwirizana onse ndipo iye sangalisinthe yekha. A Che Abdala anapinda pepalalo pakati, analiika m'thumba la kanzu, n'kuitana m'nyumba kuti abweretse mpando wina.